Lachinayi limene anthu a ku Kabwata sanavote

Pa 20 Januwale 2022, amayi ena achikulire a ku Libala analawira m'mamawa, atamanga reji yawo yobiriwira, chiphaso cha unzika, ndi khadi lovotera pansonga ya chitenje. Atafika kusukulu kumene amavotera anapeza kuli zii. Kunalibe mzere, kunalibe wapolisi pakhomo, ngakhale tebulo limodzi la ECZ, bungwe loyendetsa zisankho ku Zambia. Mlonda ndiye anawauza: "Amayi, bwererani kunyumba, tsiku analisintha. Mmodzi mwa oimawo anatuluka mumpikisano."

Iwo anamuyang'ana mwana wa eniyo n'kufunsa kuti, "Watuluka mmodzi, nanga enawo afa?"

Funso limenelo lakana kundichoka m'mutu. Dera la Kabwata, mumzinda wa Lusaka, limene tsikulo linkayenera kusankha phungu, linali ndi anthu olembetsa kuvota oposa 100,000, kuyambira ku Kamwala, Kabwata yeniyeniyo, Libala, Chilenje mpaka ku Kamulanga, koma kalata ya munthu mmodzi inawakhazika onsewo pansi milungu iwiri. Amene amawerenga mbiri ya derali pongoyang'ana mndandanda wa aphungu ndi zipani zawo saona zinthu ngati zimenezi, pomwe ndi zimene zimagamula kuti mpando upite kwa yani.

## Kalata imodzi

Mpando wa phungu unatsala wopanda munthu a Levy Mkandawire a chipani cholamula cha UPND atamwalira pa ngozi ya galimoto mu Novembala 2021, patangotha miyezi itatu chisankhidwireni. Malamulo oyendetsera dziko, monga anakonzedwera mu 2016, ankati chisankho chapadera chichitike pasanathe masiku 90 kuchokera tsiku limene mpando watsala wopanda mwini. Kwa Kabwata masikuwo ankathera cha pakati pa Febuluwale. Bungwe la ECZ linasankha 20 Januwale, linalandira mapepala a ofuna kuima, kampeni n'kuyamba.

Kampeni ili mkati, a Francis Libanda, amene ankaimira chipani chaching'ono cha UPP, analemba kuti achoka pa mpikisano. Anthu ambiri m'derali anali asanamvepo n'dzina lawo lomwe, ndipo palibe amene ankawawerengera kuti angapambane. Koma ndime 52(6) ya malamulo a 2016 sinkayang'ana kukula kwa chipani. Inkati ngati woima wamwalira, wasiya, kapena waletsedwa kuima, pambuyo poti kulandira mapepala kwatsekedwa koma tsiku lovota lisanafike, ECZ ifafanize chisankhocho, iitanitsenso mapepala atsopano, ndipo kuvota kuchitike pasanathe masiku 30 kuchokera pa kulandira mapepala kwachiwiriko. Mawu ake sankapatsa bungweli mpata wosankha. Tsiku latsopano linakhala Lachinayi pa 3 Febuluwale.

Cholinga cha ndimeyo chimaoneka bwino pakagwa maliro. Ku Kaumbwe, kwathu ku Petauke, chisankho cha phungu cha mu Ogasiti 2021 chinaimitsidwa mmodzi mwa opikisana atamwalira, n'kudzachitika mu Okutobala. Pamenepo palibe angadandaule, chifukwa chipani choferedwa chiyenera kupatsidwa mwayi woika munthu wina. Vuto ndi loti olemba lamulo anaika wakufa ndi wotopa m'thumba limodzi. Imfa munthu sachita kupangana nayo, koma kusiya mpikisano amatha kupangana, ndipo amene akuona kuti zinthu sizikumuyendera angathe kunyengerera woima wina wamng'ono kuti atuluke, iye apeze masiku ena opumira. Sindikunena kuti ku Kabwata kunachitika zimenezo. Ndikunena kuti lamulo linasiya chitseko chosakhoma, ndipo aliyense anachiona. Chaka chomwecho cha 2022 nkhani ya oima osiya mpikisano inadzazunguzanso anthu ku Kabushi ndi ku Kwacha ku Copperbelt, kumene zisankho za mu Seputembala zinakokedwa m'makhoti mpaka pa 21 Okutobala.

## Zimene zimagumuka chisankho chikafafanizidwa

Kwa ovota kumangooneka ngati kusintha tsiku pa kalendala. Kwa amene ali mkati ndi kugumula nyumba yomwe yafika kale pa mawindo.

Woima aliyense amayambiranso kupereka mapepala, ngakhale amene anavomerezedwa kale. Pa malamulo a 2016 ankayenera kukhala nzika ya Zambia ya zaka 21 kapena kuposerapo, wolembetsa kuvota, wokhala ndi satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo, komanso woulula chuma ndi ngongole zake. Ankabwera ndi anthu osachepera 15 olembetsa kuvota m'dera lomwelo kuti amuchitire umboni, aliyense ndi reji ndi khadi lake. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: wina mwa anthu 15 aja amapezeka kuti analembetsera ku Chawama kapena ku Lusaka Central, kapena dzina la pa reji likusiyana chilembo chimodzi ndi la m'kaundula. Odziwa ntchitoyi amabwera ndi anthu oposa chiwerengerocho kuti wina akagwa, wina alowe pomwepo. Ndalama yolipira popereka mapepala sibwezedwa, choncho kwa woima payekha amene anachita kusonkha, kufafanizidwa kwa chisankho ndi chilango pa mlandu wa munthu wina.

Mapepala ovotera nawonso amafa. Pepala lililonse limakhala ndi dzina, chithunzi ndi chizindikiro cha woima aliyense, ndiye mndandanda ukasintha, osindikizidwa kale sagwiranso ntchito. Pa zisankho zikuluzikulu za 2016 ndi 2021 mapepalawa ankasindikizidwa ku Dubai, nthumwi za zipani zikuonerera, motero si chinthu chothamangira nacho ku Cairo Road masana n'kubwera nacho madzulo.

Ndiye pali kampeni. Milungu iwiri yowonjezera imafuna mafuta a galimoto, zitenje, masikipa, chakudya cha achinyamata oyenda khomo ndi khomo, komanso ndalama ya anthu odzakhala maso m'malo ovotera. Chipani chokhala ndi thumba lakuya chimapindula ndi kuchedwako, chosauka chimafika tsiku lovota chitauma kukhosi.

Chotayika chachikulu ndi wovota. Munthu amene anapempha kale kuntchito kuti adzachedwe pa 20, kapena amene anaimitsa ulendo wa ku Chipata, sapemphanso kachiwiri.

## Mayina atatu, zizindikiro zinayi

M'malo ometera ku Chilenje mumamveka mawu akuti Kabwata ndi ya chipani chakutichakuti kuyambira kale. Mbiri sikuvomereza. Pa zisankho zikuluzikulu zisanu ndi zitatu, kuyambira 1983 mpaka 2016, opambana anali anthu atatu okha, koma zipani zimene anaimira zinali zinayi: UNIP, MMD, UPND ndi PF. Munthu ankasintha malaya, ovota n'kumutsatira.

Woyamba ndi a Michael Sata, amene anatenga mpandowu mu 1983, m'nthawi ya chipani chimodzi. Achinyamata ena amaganiza kuti m'zaka zimenezo kunalibe mpikisano. Pa upulezidenti n'zoona, munkangovota inde kapena ayi kwa a Kaunda. Koma pa uphungu anthu angapo a UNIP yomweyo ankalimbirana mpando umodzi, atavomerezedwa ndi Central Committee ya chipani, ndipo phungu waulesi ankagwa ndithu. Poti chipani chinali chimodzi, chosiyanitsa chinali munthu mwiniyo: kodi amadziwika kumsika, amafika pamaliro, amayankha mipope ikauma? A Sata anakulira m'ndale zimenezo. Mu 1985 anakhala bwanamkubwa wa Lusaka, ndipo akuluakulu amawakumbukirabe ndi kusesa mzinda ndi kukonza misewu. Anapambananso mu 1988.

Pofika pa chisankho cha zipani zambiri cha pa 31 Okutobala 1991 anali atalowa MMD. Chipanichi, cha chizindikiro cha wotchi, chinatenga mipando 125 mwa 150, UNIP n'kutsala ndi 25, yambiri mwa iyo kwathu kum'mawa. Ku Kabwata phungu anakhala yemwe uja, chinasintha ndi chizindikiro cha pambali pa dzina. Ndipo ndi dera lomweli muli nyumba nambala 394 ya ku Chilenje, imene a Kaunda ankakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 akutsogolera UNIP pomenyera ufulu. Nyumbayo ndi yosungirako mbiri, koma sinasungire UNIP mavoti.

Mu 1996 a Sata anakaima ku Mpika, ndipo Kabwata inapita kwa a Godfrey Miyanda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti Chiluba. Chisankho cha pa 18 Novembala chaka chimenecho UNIP inachinyanyala, malamulo atasinthidwa m'njira yotsekera a Kaunda kuima, choncho mpikisano wake unali wofooka. A Miyanda anachotsedwa mu MMD mu 2001 pamodzi ndi anzawo okana kuti a Chiluba alamulire kachitatu, n'kuyambitsa chipani cha Heritage.

## Zaka makumi awiri za a Lubinda

Chisankho cha pa 27 Disembala 2001 n'chimene chinaphunzitsa Lusaka kuvota motsutsa boma. Pa upulezidenti panali anthu 11, ndipo a Levy Mwanawasa a MMD anapambana ndi mavoti osafika 30 pa 100 aliwonse, a Anderson Mazoka a UPND ali pafupi kumbuyo kwawo. M'tauni MMD inakanidwa. A Edith Nawakwi anatenga Munali pa FDD, a Dipak Patel Lusaka Central, ndipo ku Kabwata a Given Lubinda analowa pa chizindikiro cha dzanja, cha UPND.

Pamenepa pali phunziro la momwe phungu amasankhidwira. Pa upulezidenti, kuyambira 2016, wopambana amafunika kuposa theka la mavoti. Pa uphungu sizinakhalepo choncho: woposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, watenga. Oima akachuluka ngati mu 2001, munthu amalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill ndi gawo laling'ono la ovota, ena onse atamwazikana pa mayina ena.

Zimene zinachitika mu 2006 n'zimene ambiri amaiwala. A Mazoka anamwalira mu Meyi, ndipo pa kulimbirana utsogoleri wa UPND a Hakainde Hichilema anagonjetsa a Sakwiba Sikota. A Sikota anayambitsa ULP, a Lubinda anapita nawo, ULP inagwirizana ndi PF, ndipo pa 28 Seputembala dzina la a Lubinda linaoneka pambali pa bwato, chizindikiro cha PF. Lamulo limati phungu wosiya chipani chimene chinamuimika amataya mpando, koma kusamukaku kunachitika nthawi ya Nyumba ya Malamulo itatha kale, moti sikunafune chisankho chapadera. M'ndale nthawi yosamukira ndi luso palokha. Chaka chimenecho PF inasesa mipando yonse isanu ndi iwiri ya mumzinda wa Lusaka, ngakhale a Sata anagonja kwa a Mwanawasa pa dziko lonse.

Kuyambira 2001 mpaka 2011, tsono, Kabwata inakhala zaka khumi kumbali yotsutsa, pa zipani ziwiri zosiyana, ndi phungu mmodzi. Pambuyo pa chisankho cha pa 20 Seputembala 2011 phungu wake wakale, a Sata, analowa ku State House, ndipo phungu wake wa panthawiyo anakhala nduna. A Lubinda anagwirapo unduna wa zofalitsa nkhani, wa zakunja, wa zaulimi, ndipo atapambananso pa 11 Ogasiti 2016 anakhala nduna ya zachilungamo. Ndi iwo ananyamula Bill 10, bilu yofuna kusintha malamulo oyendetsera dziko, imene inagwa m'Nyumba ya Malamulo pa 29 Okutobala 2020 itapeza mavoti 105 m'malo mwa 111 ofunika.

Chochititsa chidwi n'choti atatu onsewa anadzafika potsogolera zipani: a Sata PF imene anaiyambitsa mu 2001, a Miyanda Heritage, ndipo a Lubinda anagwirizira utsogoleri wa PF itachoka m'boma. Dera limeneli lakhala ngati sukulu ya ofuna mipando yaikulu. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. M'nyumba zakale za khansolo za ku Libala, Chilenje ndi Kabwata munkakhala aphunzitsi, manesi, makalaliki ndi apolisi, anthu owerenga nyuzipepala ndi ofunsa mafunso, ndipo amene wapirira misonkhano ya anthu otere saopanso maikolofoni.

## 2021, munthu atachoka pa pepala

Pa 12 Ogasiti 2021 dzina la a Lubinda silinali pa pepala lovotera, koyamba m'zaka makumi awiri. PF inaimika a Danny Yenga, UPND a Levy Mkandawire. Popanda nkhope yozolowereka, anthu anavotera mphepo imene inkaomba dziko lonse. Kaundula anali watsopano, wolembedwa kumapeto kwa 2020, wa anthu oposa 7 miliyoni, ndipo pafupifupi anthu 70 pa 100 aliwonse anakavota, achinyamata ali ambiri pamizere. Kabwata inapita ku UPND pamodzi ndi Munali, Lusaka Central ndi Kanyama, pomwe Matero, Mandevu ndi Chawama zinatsala ku PF.

Pa tsiku ngati limenelo phungu amakwera nawo galimoto ya pulezidenti. Wovota amalandira mapepala anayi, la pulezidenti, la phungu, la meya ndi la khansala, ndipo ambiri amangotsata chizindikiro chimodzi kuyambira pa loyamba mpaka lomaliza. N'chifukwa chake zotsatira za phungu pa chisankho chachikulu sizimakuuzani mphamvu za munthuyo payekha.

## Pa 3 Febuluwale

Chisankho chapadera ndi nyama ina. Tsiku la chisankho chachikulu ndi holide mwalamulo, pomwe Lachinayi la chisankho chapadera maofesi, mashopu a ku Kamwala ndi mabasi zimayenda monga mwa masiku onse. Malo ovotera amatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo, ndiye wogwira ntchito ku Industrial Area amene wachoka kunyumba kusanache n'kugwidwa ndi mzere wa magalimoto pobwerera, wataya voti yake. Kaundula amakhala yemwe uja wa chisankho chapitacho. Amene anasamukira ku Chalala kuchokera kudera lina pambuyo pa kulembetsa sangavote ku Kabwata, ndipo amene anachoka ku Kabwata kupita ku Chongwe dzina lake likadali m'buku koma sabwera. Wotaya reji kapena khadi amabwezedwa pakhomo, ngakhale wotsogolera malowo akumudziwa kuyambira ali mwana. Onjezanipo mvula ya Febuluwale ndi tsiku losinthidwa.

Zotsatira zinaonetsa zonsezi. A Andrew Tayengwa a UPND anapambana a Clement Tembo a PF ndi mavoti osafika 3,000, ndipo amene anakavota anali pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi olembetsa. Tikawerengera bwino, phungu anasankhidwa ndi munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu a m'kaundula. Mbali zonse ziwiri zinatola chimene zinkafuna: olamula anati asunga mpando, otsutsa anati mpata wachepa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kwa ine onse anawerenga mopyola. Pa chisankho chotere amapambana ndi amene ali ndi anthu odziwa nyumba ndi nyumba, amene amagogoda pakhomo 5 koloko m'mawa n'kukumbutsa agogo kuti tsiku lija ndi lero.

Ndipo mpandowo unali utakwera mtengo. Bajeti ya 2022 inakweza ndalama za chitukuko cha dera, za CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Ndalamayo imaperekedwa mofanana, kaya dera lili ndi anthu ochuluka ngati Kabwata kapena ochepa ngati madera ena akumidzi.

## Kumene mavoti amatetezedwa

Mpata ukakhala wochepa chonchi, ntchito yeniyeni imachitika pakati pa 6 koloko madzulo ndi pakati pa usiku. Mavoti amawerengedwa pamalo pomwe aponyedwa, bokosi likutsegulidwa pamaso pa nthumwi za oima ndi oonerera. Choyamba amafananiza chiwerengero cha mapepala amene malowo analandira ndi ogwiritsidwa ntchito, owonongeka ndi otsala. Manambalawa akakana kugwirizana, nthumwi yanzeru imafunsa pomwepo, osati mawa pa wailesi.

Kenako pepala lililonse limaonetsedwa. Limakanidwa ngati kumbuyo kwake kulibe chidindo cha ECZ, ngati munthu wachonga mayina awiri, ngati walembapo chinthu chomuzindikiritsa, kapena ngati sizikudziwika kuti amafuna yani. Cha chidindocho n'chopweteka, chifukwa wolakwa ndi wogawa mapepala koma wotaya ndi wovota. Musanalowe m'kachipinda kochongera, tembenuzani pepala muone ngati ladindidwa.

Zotsatira zimalembedwa pa fomu ya GEN 20, nthumwi zimasayina n'kulandira kope, lina limamatidwa pakhomo. Zipani zambiri zimagwa pamenepa. Nthumwi imene sinadye kuyambira m'mawa, kapena imene sinalandire ndalama yake, imachoka kuwerenga kusanathe, ndipo chipani chimafika kumalo ophatikizira zotsatira chilibe pepala loti chitsutsire nambala iliyonse.

Wosakhutira amakasuma ku High Court pasanathe masiku 14 chilengezereni zotsatira, ndipo apilo imapita ku Constitutional Court. Koma lamulo la zisankho la 2016 linakweza mpanda. Sikokwanira kuonetsa kuti makada a chipani anamenya anthu kapena kuti ufa unagawidwa. Wosuma ayenera kutsimikizira kuti zinachitidwa ndi woimayo kapena nthumwi yake yovomerezeka, kapena iwo akudziwa n'kuvomereza, komanso kuti zinalepheretsa, kapena zikanatha kulepheretsa, ovota ambiri a m'dera kusankha amene ankamufuna. Ku Munali, pafupi pomwepa, High Court inafafaniza kupambana kwa a Nkandu Luo kwa mu 2016, koma Constitutional Court inawabwezera mpando mu 2018 pa mfundo imeneyi.

Amayi a ku Libala aja anabwereranso pa 3 Febuluwale, reji ndi khadi zili pansonga ya chitenje chomwe chija. Mu Ogasiti anaima pamzere maola anayi. Ulendo uno anapeza anthu atatu patsogolo pawo, ndipo anatuluka ndi inki pachala madzi a tiyi amene anasiya pambaula asanawire.